Za Kufunsira Nchito ndi Kusankha Anchito

Ife a Folomu 4 tatsala ndi miyezi yowerengeka kuti tilembe mayeso a MSCE ndi kusenza masutikesi athu kunka kwathu. Ena a ife adzapita ku makoleji, ena adzayamba kufuna-funa nchito, ndipo ena adzayamba agwira khasu poyembekeza zotsatira. Koma kaya tifulumire kaya ticedwe, pafupi-fupi tonse tsiku lina tidzalowa m'cipinda m'mene muli gome lalitali, kuseri kwace kutakhala anthu atatu kapena anai ali ndi mapepala athu m'manja. Cinthu cimeneci ambiri acicha intavyu, ndipo m'nkhani muno ndidzati mafunso a nchito. Pa silabasi yathu palibe phunziro lace. Taphunzira za mtsinje wa Nile ndi za mafupa a cule, koma za mphindi 20 zimene zingathe kutsegula kapena kutseka khomo la moyo wa munthu sitinaphunzire konse. Cifukwa cace ndawerenga zimene ndinatha kupeza, ndipo ndifuna kugawana nanu pamodzi ndi maganizo anga.

Ndilembera a mbali zonse ziwiri za gomelo. Musayese kuti kusankha anchito ndi nkhani ya mabwana a m'tauni okha. Aphunzitsi athu alemba ophika ndi alonda, makolo athu alemba aganyu, ndipo ena a inu amene lero mulimbirana mpoto wa nyemba ku holo yodyera, pakapita zaka 15 mudzakhala kuseri kwa gome lija muli ndi colembera m'manja.

Kodi wofunsa afuna ciani?

Wofunsa ali ndi bvuto lalikuru kuposa m'mene ife tiganizira. Ali ndi malo amodzi ndi mulu wa makalata, ndipo ayenera kulosera m'mene mlendo adzagwirira nchito caka camawa. Akuru anati ali dere nkulinga utayenda naye, koma iye alibe nthawi yoyenda ndi munthu ali yense. Mafunso a nchito ndiwo kaulendo kakafupi kolowa m'malo mwa ulendo wautali. Akalakwa kusankha adzasauka ndi iye yemwe: katundu adzasowa m'sitolo, odwala adzalandira mankhwala olakwika, ana adzakhala opanda mphunzitsi Lolemba liri lonse. Conco wofunsa si mdani wathu ai. Nayenso ali ndi mantha ace, kungoti abisika kuseri kwa tayi.

Bvuto limeneli si la lero. Anthu a ku China anayamba kusankha anchito a mfumu mwa mayeso olemba ca m'ma 600, ndipo mwambowo unatha mu 1905. M'nthawi ya mafumu a Song anafika pomata dzina la wolemba mayeso, nalemba akalaliki okopera mayankho onse, kuti woconga asazindikire ngakhale dzanja la mphwace. Ku Britain lipoti la Northcote ndi Trevelyan la mu 1854 linadandaula kuti maofesi a boma adzaza ndi anthu aulesi olowa cifukwa ca kudziwana, ndipo linapempha mayeso a mpikisano. Pofika 1870 maofesi ambiri anatsata njirayo.

Koma mafunso a pakamwa ali ndi nthenda yao. Mu 1920 Edward Thorndike, katswiri wa za maganizo wa ku America, anapenda m'mene akuru a asilikari anali kupatsira malikisi anyamata ao pa thupi, nzeru, utsogoleri ndi khalidwe. Anapeza kuti woyamikidwa pa cimodzi anali kuyamikidwa pa zonse, ngati kuti msinkhu wabwino ubala nzeru. Nthenda imeneyi tiidziwa ngakhale pano, pakuti mnyamata womwetsa zigoli timuyesa woyeneranso kusunga makiyi a nkhokwe ya ufa. Munthu akalowa atabvala suti yosita, nalankhula Cingerezi ca m'mphuno, mtima wa wofunsa ugamula mlandu m'mphindi zoyamba, ndipo mafunso otsatawo angokhala ofuna umboni wa cigamulo copangidwa kale. Cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali kafukufuku wina amene anandiseketsa ndi kundiopsya pamodzi. Mu 2013 munaturuka lipoti la Jason Dana, Robyn Dawes ndi Nathanial Peterson, amene anapempha ophunzira a pa yunivesite kulosera malikisi amene anzao adzapeza teremu yotsatira. Onse anapatsidwa malikisi akale a munthuyo, ndipo nthawi zina analoledwanso kuceza naye ndi kumfunsa mafunso. Polosera mwa malikisi akale okha anayandikira coonadi kuposa pamene anaceza naye. Koma cacikuru ndi ici: ena a ofunsidwa anauzidwa mseri kuti asayankhe zoona, koma asankhe yankho potsata zilembo zoyamba za mau omaliza a funso, ndiye kuti mayankho a mwai cabe monga kuponya khobidi m'mwamba. Panalibe wofunsa ngakhale mmodzi amene ananena kuti wazindikira. Anaturuka okhutira kuti amdziwa munthuyo. Mtima wa munthu uli wotere, kuti mukaupatsa zigamba ziri zonse udzasoka malaya.

Nkhani ya Kahneman

Tsono kodi mafunso a nchito ngacabe? Iai. Mverani nkhani ya Daniel Kahneman, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2002 ndipo anamwalira mu 2024. Mu 1955 iye anali mnyamata wa zaka 21, msilikari m'gulu la nkhondo la Israel, atangotsiriza digiri yace yoyamba ya za maganizo. Akuru ace anampatsa nchito yokonza mafunso ofunsa acinyamata olowa usilikari, kuti adziwe woyenera kupita ku nkhondo ndi malo omuyenera. Njira yakale inali yoceza. Wofunsa anali kukamba ndi mnyamata mphindi 15 kapena 20 pa ziri zonse zimene afuna, pambuyo pace nalemba m'mene wamuonera. Poyerekeza maganizo amenewo ndi m'mene anyamatawo anacitira atalowa usilikari, kunapezeka kuti phindu lace linali locepa zedi.

Kahneman anasankha makhalidwe 6 ofunika kwa msilikari, monga kusamala udindo ndi kukhala bwino ndi anzace. Pa khalidwe liri lonse analemba mafunso a zinthu zocitika m'moyo wa mnyamatayo, osati a maganizo ace: nchito zimene anagwirapo, ngati anali kufika nthawi yace ku sukulu ndi ku nchito, kucuruka kwa nthawi zimene aceza ndi anzace, masewera amene acita. Wofunsa anayenera kutsiriza khalidwe limodzi ndi kulipatsa malikisi kuyambira 1 kufikira 5 asanapite ku lina, kuti kuwala kwa cimodzi kusaphimbe zinazo. Ofunsawo, amene anali acinyamata anzace, anakwiya kwambiri, nati iye afuna kuwasandutsa makina. Pofuna kuwatonthoza anawalola kuti akatsiriza makhalidwe onse 6 atseke maso, amuone mnyamatayo m'maganizo ali msilikari, ndi kumpatsa malikisi ena ocokera mumtima.

Zotsatira zace zinali ziwiri. Kuphatikiza malikisi 6 aja kunalosera bwino kuposa kuceza kwakale, ngakhale sikunali kwangwiro. Ndipo cimene cinadabwitsa mwini wace ncakuti malikisi a kutseka maso aja anacitanso bwino cimodzi-modzi. Apa ndi pamene ine ndinaima nthawi yaitali powerenga. Ndiye kuti mtima wa wofunsa suli wopusa ai, koma uyenera kudyetsedwa zoona poyamba ndi kulankhula potsiriza. Ukalankhula poyamba, ungobwereza zimene maso anaona pakhomo. Nkhaniyi iri m'buku lace lochedwa Thinking, Fast and Slow la mu 2011, m'mene anenanso kuti atabwerera ku malo aja patapita zaka 45 anapeza njira yace ikali kutsatidwa.

Ena anatsimikiza zomwezi ndi masamu. Mu 1998 Frank Schmidt ndi John Hunter anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 85 wa njira zosankhira anchito. Pamwamba panali kumpatsa munthu nchito yeni-yeni kuti aicite pamaso panu, mayeso a nzeru, ndi mafunso okonzeratu amene afunsidwa mofanana kwa onse. Pansi peni-peni panali zaka za kubadwa ndi kupenda kalembedwe ka dzanja. Mu 2022 Paul Sackett ndi anzace anawerenganso masamuwo nakonza zina, ndipo mafunso okonzeratu ndiwo anakhala patsogolo pa zonse. Kampani ya Google inachuka ndi mafunso onga ndagi, monga akuti timipira tingati tingadzaze ndege, koma mu 2013 mkuru wao wa za anchito, Laszlo Bock, anabvomera poyera kuti mafunso otere sanali kulosera kanthu, anali kungokondweretsa wofunsa.

Kwa ife ofunsira nchito

Phunziro lathu pa zonsezi nlakuti wofunsa wanzeru afuna kumva zimene munacita, osati zimene mudziyesa. Kudzionetsa monga muliri sikutanthauza kupita osakonzeka, kapena kukhuthula zonse za kukhosi pamaso pa alendo. Ndiko kusankha pa zoona za moyo wanu zimene zikhudza nchitoyo, ndi kuzinena momveka. Kukonzeka koona ndiko kukumbukira, si kuloweza ai. Tengani pepala masiku angapo tsikulo lisanafike, mulembe zinthu zisanu kapena zisanu ndi cimodzi zimene munacitadi ndi manja anu: cinali ciani, panabuka bvuto lanji, inu munacitapo ciani, ndipo cinatsatira nciani.

Ambiri a ife tidzati, "Ine sindinagwirepo nchito, ndidzanena ciani?" Koma taganizani. Wina anali pulifekiti wa ku holo yodyera, nagawa nsima mwamtendere tsiku limene ufa unacepa. Wina anasunga buku la ndalama za kalabu. Wina pa chuthi asankha fodya, agulitsa mandasi pa depoti, kapena alembera amai ace kaundula wa banki m'khonde. Wina analera abale ace ang'ono amai ali m'cipatala, nakhozabe mayeso. Izi zonse ndi nchito, ndipo ziri ndi mboni. Cisoni ncakuti tizicitira manyazi, tiyesa kuti pamaso pa mabwana tiyenera kubisa depoti ndi cigafa ca fodya. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Tiyerekeze kuti afunsa, "Tatiuzani, mungathe kusunga ndalama za eni?" Woyamba ayankha, "Inde bwana, ine ndine wokhulupirika ndi wolimbikira nchito." Mau abwino ndithu, koma onse amene adikira pa mzere panja adzanena omwewo, ngakhale mbala. Waciwiri ayankha, "Bwana, ndiri Folomu 3 ndinasunga ndalama za kalabu yathu ya ulimi. Tinali kugulitsa kabici ndi mpiru, ndipo Lacisanu liri lonse ndinali kuonetsa buku kwa aphunzitsi otiyang'anira. Tsiku lina panasowa K2,000, ndipo ndinafufuza masiku awiri kufikira ndinapeza kuti wina anatenga mpiru pa ngongole ine osalemba. Kuyambira pomwepo sindipereka kanthu ndisanalembe." Yankho laciwirili liri ndi colakwa m'kati mwace, komabe ndilo lopatsa nchito. Wofunsa angathe kulikumba, nafunsa mtengo wa mpukutu wa mpiru kapena dzina la mphunzitsiyo, ndipo sadzalipeza logweragwera. Wopeka nkhani atha kuyankha funso loyamba, koma pa lacitatu ayamba kukanda m'mutu.

Pali cinthu cina cimene mabuku a kunja sanena kawiri-kawiri, pakuti si bvuto lao. Ife tinaleredwa kuti pamaso pa akuru tiweramitse nkhope, tilankhule motsitsa, ndipo tisadzichule tokha pa zabwino kuopa kuoneka odzikuza. Mwambo umenewu ngwabwino, ndipo sindinena kuti tiutaye. Koma m'cipinda ca mafunso, woyang'ana pansi nthawi yonse aoneka ngati abisa kanthu, ndipo wonong'ona samveka. Asungwana makamaka alangidwa pamenepa cifukwa ca ulemu umene anaphunzitsidwa kwao. Tingathe kupereka moni mwaulemu, kudikira kuti atiuze kukhala pansi, kunena "bwana" ndi "mai," komabe nkukweza mutu ndi mau. Ndiponso tizolowera kuti "tinacita," "tinapambana." Wofunsa salemba kalabu yonse. Nenani "tinacita" pa za gulu, ndipo muonjeze kuti, "Ine mbali yanga inali iyi." Kwa ine, kucepsa zimene munacitadi nakonso ndi bodza, ngakhale liri bodza laulemu.

Musaope mau akuti "sindidziwa." Funso likakhala losamveka pemphani kuti abwereze, pakuti safunsa anadya phula. Likakhala la cinthu cimene simunaphunzire, bvomerani, ndipo munene m'mene mungacipezere. Pali funso lina limene libwera kawiri-kawiri, lakuti, "Cofooka canu nciani?" Yankho loloweza lakuti "ndilimbikira nchito mopitirira muyeso" ofunsa analimva kufikira kutopa nalo. Nenani cofooka ceni-ceni pamodzi ndi cimene mucita naco. Ngati pa setifiketi panu pali 8 wa masamu, iwo amuona kale, ndipo ndi bwino kuti mau oyamba pa iye akhale anu.

Za zobvala sindicurutsa mau. Zikhale zocapa ndi zosita, ndi nsapato zopolisha. Suti yobwereka yaikuru ingokusandutsani coopsyezera mbalame m'munda wa mapira. Fikani msanga, zimitsani foni, tengani masetifiketi eni-eni pamodzi ndi makope ace, ndipo dziwani cimene malowo acita musanalowe.

Kalata yofunsira nchito iri ndi msampha watsopano. Kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inaturuka, munthu ali yense wokhala ndi foni atha kupeza kalata yosalala m'mphindi imodzi. Kale anthu anali kulembetsa kwa amalume a m'tauni, lero alembetsa kwa makina. Sinditi nkulakwa kupempha thandizo pokonza Cingerezi. Koma kalata ndiyo lonjezo la munthu amene adzalowa pakhomo, ndipo ikakhala ndi mau amene mwini wace satha kuwamasulira, ofunsa adzayesa kuti kwabwera munthu wina.

Za bodza lalikuru imvani nkhani iyi. Marilee Jones analowa nchito mu 1979 mu ofesi yosankha ophunzira pa Massachusetts Institute of Technology, imodzi ya masukulu omveka a sayansi ku America. Pa pepala lace analemba madigiri a ku masukulu atatu amene analibe. Anagwira nchito bwino, nakwera kufikira anakhala mkuru wa ofesi yonse, ndipo anachuka polangiza acinyamata kuti asadzizunze pofuna kuoneka angwiro. Mu 2007 bodzalo linaululika, ndipo anasiya nchito atagwira zaka 28. Cimene cindimvetsa cisoni ncakuti nchitoyo anali kuitha. Luso linali lace-lace, koma linamangidwa pa mzere umodzi wabodza umene sanathenso kuufafaniza, pakuti caka ciri conse cokwera cinali kukuza mtengo wa kuulula.

Kuno kwathu timva za anthu ogula masetifiketi m'makwalala, kuiwala kuti mabuku a MANEB alipo ndipo olemba nchito atha kukafunsa. Koma mabodza ofala ndiwo ang'ono-ang'ono, monga lakuti "kompyuta ndiidziwa bwino," pamene munthu adziwa Facebook yokha. Lolemba loyamba adzamuika pa Excel. Lamulo la za nchito la Malawi la mu 2000 lilola kuti munthu wa nchito ya luso ayesedwe kufikira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo angathe kucotsedwa popanda notisi. Ulendo wautali uja wa ali dere ufikabe, ungocedwa. Kumbukiraninso kuti nanunso musankha. Akati, "Muli ndi funso?" musangoti iai. Funsani za maola, za amene adzakuyang'anirani, ndi za malipiro ngati sanachule. Wofunsa amene akwiya ndi mafunso otere wakuonetsani kale m'mene adzakhalira nanu.

Kwa amene adzasankha

Musanaitane munthu ali yense, lembani pa pepala zinthu zowerengeka zimene nchitoyo ifuna, ndi mafunso a ciri conse. Funsani onse mafunso omwewo, ndipo ali yense wa pa gome alembe malikisi ace yekha asanamve za mnzace. Ici ncofunika koposa kwa ife, cifukwa bwana wamkuru akangoti, "Uyu wandisangalatsa," ang'ono onse agwedeza mitu. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma mitu itatu yongogwedeza iri mutu umodzi womwewo. Wamng'ono pa onse ndiye ayambe kulankhula.

Pamene nkotheka, muoneni munthu ali pa nchito. Wophika aphike nsima ya anthu 50, dalaivala abweze galimoto cambuyo, mlembi ataipe kalata, mphunzitsi aphunzitse kalasi mphindi 10. Pamenepo wamanyazi wodziwa nchito aonekera, ndipo wapakamwa wopanda manja aonekeranso. Magulu a zoimba-imba a ku America anafika patali ndi nzeru imeneyi. Gulu la Boston Symphony Orchestra linayamba mu 1952 kuika cochinga pakati pa woimba ndi oweruza, ndipo ena anatsata m'ma 1970 ndi 1980. Ena anayalanso kapeti kuti kulira kwa nsapato kusaulule kuti wolowayo ndi mkazi. M'magulu 5 akuru a dzikolo akazi sanali kufika 5 pa 100 mu 1970, koma pofika 1997 anali 25 pa 100. Claudia Goldin ndi Cecilia Rouse analemba kuti cochingaco cinathandiza pa kusinthaku. Akatswiri ena atsutsa kukula kwa thandizolo, koma ine sindiona coipa ciri conse m'kuweruza nyimbo ndi makutu.

Dzina nalo liweruza munthu asanafike. Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anatumiza mapepala ofunsira nchito pafupi-fupi 5,000 ku Boston ndi ku Chicago, ena ali ndi maina omveka a Azungu monga Emily ndi Greg, ena a anthu akuda monga Lakisha ndi Jamal. Lipoti lao la mu 2004 linaonetsa kuti a maina a Cizungu anali kuitanidwa kamodzi pa makalata 10, pamene enawo kamodzi pa 15, maphunziro ali ofanana. Tisaloze cala ku America kokha. Kwathu kuno dzina la bambo liulula mtundu, ndipo fomu iri yonse ifunsa boma, mfumu ndi mudzi. Lamulo la za nchito lija liletsa kusankha potsata mtundu, cinenero, cipembedzo, cipani, cilema, kapena kuti uyu mwamuna uyu mkazi. Lamulo lina la mu 2013 liti polemba anchito a boma amuna kapena akazi asacepere 40 pa 100 ndipo asapyole 60 pa 100. Koma lamulo silikhala m'cipinda ca mafunso. Cimene wosankha angacite ndico kuphimba maina ndi maboma posankha oitanidwa, monga ife tilemba nambala pa mapepala a mayeso.

Nkhani yobvuta pa zonse ndiyo ya mbale. Tonse tidziwa kuti amene wapeza nchito ayang'anidwa ndi mudzi wonse, ndipo kukana mwana wa alongo ako si cinthu capafupi. Sindinena kuti mbale asafunsire nchito, pakuti nayenso atha kukhala woyenera. Koma akalowa, wacibaleyo anene poyera naturuke, asiyire anzace. Zina sizifuna nkukambirana komwe. Wopempha ndalama kuti akupatseni nchito ndi mbala, ndipo mwamuna wouza msungwana kuti akakomane naye ku malo ogona alendo kuti "akambirane za nchito" aphwanya lamulo la mu 2013 lomwe lija.

Wosankha nayenso ayenera kudzionetsa monga aliri. Mabwana ambiri akometsa nchito monga acita wogulitsa ng'ombe yokalamba, osachula za kugwira usiku, za malipiro ocedwa, kapena za nyumba yodontha. Mu 1973 John Wanous anafalitsa zimene anapeza pa kampani ina ya matelefoni ku America. Olowa nchito ena anaonetsedwa kanema wa zokoma zokha, ena kanema woonetsa zokoma ndi zowawa zomwe. Oona zoonawo sanathawe, analowa nchito monga anzao, koma pambuyo pace maganizo ofuna kusiya anali ocepa mwa iwo. Namwino wouzidwa kuti ku cipatala cimene apita mseu uduka m'dzinja adzapita atakonzeka, koma wonamizidwa adzayamba kulemba makalata ena mwezi woyamba. Ndipo amene sanasankhidwe auzidwe msanga, pakuti ena akongola ndalama ya basi kuti afike, ndipo adikira yankho miyezi yambiri.

Potsiriza ndiri ndi pempho kwa aphunzitsi athu. Caka ciri conse tisankha mapulifekiti, ndipo kawiri-kawiri apambana ali amsinkhu ndi a mau akuru. Bwanji caka cino tiyese njira ya Kahneman? Tigwirizane makhalidwe 5 ofunika, monga kusunga nthawi, cilungamo pogawa cakudya ndi kuleza mtima pa ana a Folomu 1. Pa gome pakhale aphunzitsi awiri ndi wophunzira mmodzi, mafunso akhale ofanana kwa onse, ndipo ali yense alembe malikisi ace kuyambira 1 kufikira 5 asanalankhule ndi mnzace. Mapepalawo asungidwe mu ofesi, kuti pakutha pa caka tiwaturutse ndi kuona ngati analosera zoona. Ife a Folomu 4 tikhoza kukhala oyamba kuyesedwa Loweruka masana m'holo, ang'ono athu akuonerera, ndipo mipando tidzanyamula tokha.

Wophunzira wa Folomu 4